Ubatizo wa Padziwe Lobiriwira

Tabeth anawapeza atate ake atakhala pamchenga, akudzikanda miyendo ngati munthu amene wadutsa m'tchire la chitedze. Fosholo yawo inali gone poteropo. Linali Lachinayi masana, mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Kakumbi limaletsa ngakhale agalu kuuwa. Mtsikanayo anali atangoweruka kusukulu, ndipo anawatengera kachigubu ka munkoyo ndi mbatata zophika chifukwa atatewo anachoka kunyumba m'mawa osalawa kanthu.

"Mwaswera bwanji, atate?"

A Yotam anadzidzimuka, n'kutsitsa msanga thalauza limene analipindira m'mawondo. Koma anachedwa, Tabeth anali ataona kale. Kuyambira kumapazi mpaka m'mawondo khungu lawo linali litatupa, lili ndi timatuza tambirimbiri, tina titaphulika n'kumachucha madzi.

"Atate, miyendo yanu yatani?"

"Ndi thukuta chabe, mama. Ika chakudyacho apo."

"Thukuta silitero."

"Udokotala wauyamba liti iwe? Giredi teni yomweyi?" anatero akuyesa kuseka, koma kusekako sikunapite patali. Dzanja lawo linabwerera lokha kukakanda.

Tabeth anayang'ana dziwe limene atate akewo ankakumba. Madzi ake anali obiriwira, pamwamba pali ndere zokhuthala, ndipo m'mphepete munali mutauma zinthu zoyera zonga mchere. Fungo lake linali la mazira owola. Ataviika chala, anapeza kuti madziwo ndi ofunda ngati osambitsira khanda.

Anthu ankalitchula dziwelo kuti Pamchenja, ngakhale kuti panalibenso mtengo wa mchenja ndi umodzi womwe. Linali pamtsinje wa Kalombwe, ndipo mpingo wa a Yotam unkabatizira pamenepo kuyambira kalekale. Ubatizo unkachitika kamodzi pachaka, m'chilimwe, chifukwa nthawi yamvula ng'ona zimakwera kuchokera ku Luangwa, ndipo palibe m'busa amene amafuna kutsika kumtsinje ndi nkhosa zake n'kubwerako ina ikusowa. Mpingowu sunkakhulupirira zowaza timadzi pamphumi. Munthu ankayenera kumira yense, mutu ndi tsitsi lomwe.

Ntchito yokonza malowo inali ya a Yotam. Pamene ankaiyamba, Tabeth asanabadwe, inali ntchito ya m'mawa umodzi: kusesa masamba, kulambula kanjira, n'kuzika ndodo pamene payambira kuya kuti abusa asapitirire. Madzi ankayenda chaka chonse, ozizira moti obatizidwa ankatuluka mano akugundana, anthu n'kumati mzimu wawatsikira. Kenako mitengo ya m'mbali inayamba kupita kumauvuni a njerwa, umodziumodzi. Madimba anatsetsereka mpaka kukagunda madzi. Mvula iliyonse inkabwera ndi mchenga, ndipo a Yotam anataya ndodo ija n'kugula fosholo. Chaka chilichonse ankakumba mozama kuposa chaka chatha, koma madzi ankangocheperachepera. Anzawo owathandiza anayamba kupeza zifukwa, uyu msana, uyu maliro, uyu ganyu kuloji ya alendo odzaona nyama. Chaka chino mtsinje unaleka kuyenda mu Juni, ndipo iwo anali akukumba okha kuyambira Lolemba, ataima m'madzimo tsiku lonse.

"Tikawauze abusa," anatero Tabeth.

"Tikawauze chiyani? Kuti kulibe ubatizo?" A Yotam anamwa munkoyo n'kupukuta pakamwa. "Alendo akuchokera ku Jumbe ndi ku Chinzombo. Mbuzi zamangidwa kale kuseri kwa tchalitchi. Abusa a Gideon ali ndi mipingo yambiri yoti ayendere, sangabwerenso kuno mvula isanagwe. Ubatizo ukalephereka Lamulungu lino, ndiye kuti mpaka chaka chamawa. Ndi zimene ukufuna?"

Mawu amenewo anamulasa Tabeth pamtima, ndipo atate ake ankadziwa kuti amulasa. Mtsikanayu anayenera kubatizidwa chaka chatha, koma malungo anamugwetsa kutatsala pang'ono, anzake n'kupita kumtsinje iye ali pamphasa. Kuyambira pamenepo anakhala chaka china chathunthu m'kalasi ya ubatizo, akuyankha mafunso omwewo pamodzi ndi tiana timene iye anatiberekapo kumsana. M'tchalitchi, osabatizidwa ankakhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, pamene pamadutsa nkhuku. Sankaloledwa kulowa kwaya. Tabeth anali ndi mawu abwino, ndipo Lamulungu lililonse ankamvetsera atsikana a msinkhu wake akulakwitsa nyimbo zimene iye akanaziimba ali m'tulo. Benchi imeneyo anali atatopa nayo.

"Ine ndakhala m'madzi amenewa sabata yonse, n'chifukwa chake andiwenga," anapitiriza a Yotam, mawu atatsika. "Inu mungolowa n'kutuluka. Palibe chimene chingachitike. Usauze munthu, wamva? Ngakhale amayi ako."

Tabeth anawalandira mawuwo ndi manja awiri, chifukwa ndi amene ankafuna kumva. Mungolowa n'kutuluka. Pobwerera kunyumba anadzera m'mtsinje wouma, ndipo anaona mapazi a njovu pamchenga. Njovuzo zinali zitafika mpaka m'mphepete mwa dziwe, n'kulizungulira, kenako n'kukakumba maenje awoawo kumtunda. Njovu zimene zinkathyola mipanda ya madimba chifukwa cha dzungu limodzi zinali zitawasiya madziwo osawalawa. Tabeth anaona zimenezi bwinobwino, ndipo anafulumira kuyenda.

Lachisanu kusukulu, Lilly sankakamba nkhani ina koma ya ubatizo. Lilly anali mnzake wa Tabeth wa ponda apa nane ndipondepo, mtsikana wa pakamwa posapuma. Diso lake lakumanzere linafa ali wamng'ono, atalasidwa ndi munga akuthamangitsa mbuzi, moti zonse za padziko ankazionera lakumanja lokha. Zimenezi sizinkamuletsa kuona zambiri kuposa anzake.

"Iwe Tabeth, pomira paja timatsinzina kapena timayang'ana?" anafunsa atakhala pansi pa mtengo nthawi yopuma.

"Timatsinzina."

"Awe, ine ndikayang'ana. Ndikufuna ndione machimo anga akuchoka. Makamaka lija lakuba mango kwa ahedi, ndilione kuti ndi lalikulu bwanji."

"Lilly, ukatsinzine."

"Chifukwa?"

"Basi ukatsinzine. Ukatseke ndi dzanja lomwe."

Lilly anamuyang'ana ndi diso lake limodzilo, mutu ataupendeketsa. "Wadwalanso malungo iwe? Usayerekeze. Chaka chino ukadwala ndikunyamula pawilibala, abusa akakumize ndi wilibala yomwe."

Tabeth anaseka. Belu litalira anadzuka mwachangu, akudziuza kuti wamuchenjeza mnzakeyo ndipo mbali yake wachita.

Loweruka m'mawa a Yotam anamupempha kuti akawathandize. Ankayenda motsimphina, akukoka mapazi, ndipo anatenga neti yakale ya udzudzu imene inkatchinga nkhuku pambewu. Atafika padziwe, wina anagwira mbali iyi wina mbali iyo, n'kumaikoka pamwamba pa madzi. Neti inkatuluka yolemera ndi ndere zoterera. Ankazikhuthulira kuseri kwa mulu wa mchenga n'kukwirira, kenako n'kubwereza. Ulendo wina neti inatuluka ndi kamlamba kakufa, mimba ili m'mwamba. Tabeth ankadziwa, monga mwana aliyense wa m'chigwa, kuti mlamba umapirira ngakhale m'matope okhaokha. A Yotam anakakankha ndi phazi n'kukafotsera.

Dzuwa lisanafike pamutu, dziwe linali likuoneka mwaulemu. Silinali loyera, koma munthu woima kumtunda akanati ndi madzi. A Yotam anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, n'kuyang'ana dziwelo nthawi yaitali.

"Amayi ako anabatizidwa pomwepa," anatero. "Tsiku limenelo ndinaimirira apo, panali mthunzi waukulu. Timatemba tinkawajompha m'miyendo, iwo n'kumaseka abusa akupemphera. Munthu unkaona mwala uli pansi penipeni." Anapuma mozama. "Sindikudziwa kuti tinawataya liti madzi aja. Palibe tsiku limene ndinadzuka n'kupeza asintha."

Madzulo manja a Tabeth anayamba kuyabwa. Anapita kumjigo n'kuwasamba ndi sopo mpaka kuyabwako kunachepa. Atabwerako anapeza amayi ake, a Phyllis, atafika kuchokera ku Chinzombo kumene ankachapa zovala paloji ina. Anali otopa, maso atalowa m'kati, koma anamasula mpukutu akumwetulira. Munali diresi loyera limene analisoka okha pamanja, kuchokera pa nsalu ya pabedi imene kuloji anaitaya chifukwa cha kabowo kamodzi. M'khosi analikongoletsa ndi ulusi wabuluu.

"Tavala ndikuone, ndisanapite kukathandiza azimayi kuphika."

Tabeth anavala. Linamukhala bwino kwambiri. Amayi ake anaomba m'manja n'kumuzungulitsa kawiri, ndipo iye anasangalala kuchokera pansi pa mtima, kwinaku akudzida chifukwa cha kusangalalako. Atate ake anali pakhonde, atavala thalauza lalitali ndi masokosi kunja kukutentha chotero, koma a Phyllis anali ndi zambiri m'mutu moti sanafunse.

Lamulungu kunacha kopanda ndi kamtambo komwe. Cha m'ma naini gulu linayamba kutsikira kumtsinje, kwaya patsogolo, obatizidwa ovala zoyera pambuyo pake, kenako mpingo wonse ndi maambulera. Abusa a Gideon anali munthu wamfupi wa imvi, mawu awo osasa chifukwa cha fumbi la m'misewu imene ankayenda panjinga yamoto. Anapemphera mwachidule poti mchenga unkaotcha mapazi, n'kulowa m'madzi.

Mwambo unali woti akuluakulu ayambe. Woyamba pamzere anali a Paskale, nkhalamba yokonza njinga m'mbali mwa msewu wopita ku Mfuwe. Moyo wawo wonse ankakana tchalitchi, akumati Mulungu akawafuna amadziwa pamene amakhala. Koma akazi awo atamwalira anayamba kubwera okha, n'kumakhala pabenchi yakumbuyo ija, pambali pa Tabeth. Ana awo onse anali ku Lusaka. Nthawi zambiri ankamumatira Tabeth tayala, akumuseka kuti amayendetsa njinga ngati akuthawa njovu.

Abusa atangoponda pansi pa dziwe, matope akuda anavunduka, ndipo ndere zimene neti sinazifike zinakwera pamwamba. Fungo linafika kumtunda. Amayi ena anaphimba mphuno ndi nsalu zawo, koma nyimbo sinaleke. Tabeth anayang'ana atate ake. Anali ataima pambali atanyamula matawulo, maso ali pansi. Mtsikanayo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Angolowa n'kutuluka, anadziuza.

A Paskale anamira. Anavuuka akutsokomola ndi kupukuta kumaso, nthungululu zikumveka mpaka kutsidya.

"Abusa, madzi anuwa mwachita kuwaphitsa?" anafunsa mokweza akukwera kumtunda. "Ndipo akulasa m'maso ngati tsabola. Kaya ndi machimo akutulukira m'menemo?"

Anthu anaseka. Amayi awiri anatsatira, mmodzi pambuyo pa mnzake. Tabeth anawaonerera onse akumira, ndipo anakhala chete.

Kenako inafika nthawi ya achinyamata, ndipo woyamba anali Lilly. Anatembenuka n'kumutsina Tabeth pamkono. "Tionana kutsidya kwa machimo," ananong'ona, n'kulowa m'madzi. Diresi lake linayamba kubiriwira kuyambira m'munsi. Madzi anamufika m'mawondo, kenako m'chiuno. Abusa anamugwira kumsana ndi dzanja limodzi, lina n'kulikweza kumwamba. Lilly anayang'ana kumtunda, diso lake labwino lija litatseguka lonse, likuseka. Tabeth ankamudziwa mnzakeyo. Sakanatsinzina.

"Abusa, dikirani! Musamumize!"

Mawuwo anatuluka aakulu kuposa mmene iye ankayembekezera. Nyimbo inaduka pakati, ena n'kupitiriza pang'ono asanazindikire kuti atsala okha. Abusa anaima dzanja lili m'mwamba. Mpingo wonse unatembenukira kwa Tabeth.

"Mwana uyu wapenga?" anatero mkulu wina wa mpingo. "A Yotam, mwana wanu uyu watani?"

Koma Tabeth anali atayamba kale. "Madziwa ndi oipa. Atate, aonetseni miyendo."

A Yotam sanasunthe. A Phyllis anachoka pagulu la azimayi n'kudzaima pamaso pa amuna awo.

"Atate ake Tabeth, mwana akunena chiyani?"

Pang'onopang'ono a Yotam anaika matawulo pansi, n'kuwerama. Masokosi anali atamatirira pamabala, moti anachita kuwasenda. Atapinda thalauza, amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo, ndipo a Phyllis anagwira pakamwa. Lilly sanadikire kuti wina amuuze. Anatuluka m'madzi akuthamanga, atatseka diso lake ndi chikhatho.

Phokoso linabuka nthawi yomweyo. Mayi wina anakumbukira kuti mwana wake anatuluka zidzolo thupi lonse atabatizidwa chaka chatha, iwo n'kumati ndi sopo watsopano. Wina anati ana ake akasambira m'maiwe a kumunsi amabwera maso ali psuu. Posakhalitsa aliyense anali atapeza woti amuloze chala.

"Ndi alimi a thonje awa! Masipuleya awo opopera mankhwala amatsukira kumtunda uko!"

"Nanga feteleza wa m'dimba mwanu mumati amapita kuti? Kumwamba?"

"Anyamata otsuka magalimoto pamlatho aja simukuwaona?"

"Mitengo ya mthunzi anadula ndani? Mchenja womaliza uja si umene tinaotchera njerwa za tchalitchi chomwechi?"

Pafupifupi aliyense amene anali pamenepo anasenzako njerwa zimenezo akuimba. Abusa a Gideon anatuluka m'madzi mwapang'onopang'ono, mkanjo wawo ukudontha zobiriwira. Sankaoneka okwiya. Ankaoneka ngati munthu amene wayenda ulendo wautali n'kupeza kuti wasochera.

"Zakwana, abale," anatero. "Ine ndabatiza pano zaka zambiri. Zaka zapitazi ndakhala ndikubwerera kwathu ndikudzikanda, amayi akunyumba akandifunsa ndimati ndi thukuta. Lero sitipitiriza. Anyamata, thamangani kumjigo mukatunge madzi, awa amene amira kalewa asambe msanga."

Anthu anabwerera kutchalitchi opanda nyimbo. Mbuzi zinali zitaphikidwa kale, ndiye zinadyedwa ndithu, pakuti chisoni sichiletsa munthu wa ku Jumbe kudya nyama imene waiyendera mtunda wonsewo. Tabeth anakhala pakona, diresi lake lili louma, loyera ngati mmene analivalira. Ankayembekezera kukalipiridwa, koma zimene zinabwera zinali zina. Amayi ake a Lilly anamukumbatira akulira. Azimayi ena ankamulozera ana awo kuti atengere chitsanzo. Ngakhale mkulu wa mpingo uja anabwera n'kumugwira dzanja. Palibe amene anafunsa kuti anadziwa liti, ndipo pofika madzulo Tabeth anali atayamba kukhulupirira kuti analidi mtsikana wolimba mtima.

Dzuwa likulowa anawapeza atate ake pakhonde, miyendo ataiviika m'beseni la madzi a mchere. Anaima patali pang'ono, akudikira mawu awo.

"Bwera ukhale apa, sindikuluma," anatero a Yotam. "Wandichititsa manyazi pamaso pa mpingo wonse, ndipo sindikudziwa ngati ndikukwiyire kapena ndikuthokoze. Mphamvu ya zonse ziwirizo ndilibe. Ndatopa, mama. Zaka zonsezi ine kukumba, mtsinje kukwirira. Ndimaganiza kuti ndikasiya, ndiye kuti ndavomera kuti wafa."

Lachiwiri m'mawa kunabwera uthenga woti a Paskale sakutuluka m'nyumba. Amayi awiri aja anali ndi zidzolo chabe, koma nkhalambayo maso ake anali atatupa mpaka kutsekeka, manthongo akumata zikope. Popeza a Yotam nawo ankapita kukiliniki, a Phyllis anauza Tabeth kuti ajombe kusukulu awaperekeze onse awiri. Anayenda ulendowo pang'onopang'ono, a Yotam akutsimphina ndi ndodo kumbuyo, a Paskale ataika dzanja paphewa la Tabeth.

Nesi wa pakiliniki anali mayi wonenepa, wooneka kuti nayenso sanagone mokwanira. Anayang'ana miyendo ya a Yotam, n'kuyang'ana maso a a Paskale, ndipo sanadabwe n'komwe.

"Mwezi uno chaka chilichonse ndimalandira anthu otere," anatero akuvala magolovesi. "Ana osambira, azimayi ochapa. Nditangofika kuno sizinali choncho. Madzi akaima, n'kutentha, n'kumalandira zonse zochokera m'minda ndi m'midzi, amamera zinthu zimene thupi la munthu silizifuna. Mwati munasefa ndi neti? Munangowapukuta kumaso. Zoipazo zili m'madzi momwemo."

"Nanga maso angawa, sisita?" anafunsa a Paskale. "Ine ntchito yanga ndi ya maso. Kabowo ka pachubu sikaoneka ndi manja."

Nesiyo anawatsuka, n'kuwadonthezera mankhwala, kenako anawamanga kansalu koyera kuzungulira mutu. "Lakumanzereli lichira. Lakumanjali lili ndi bala m'kati, mwina munalitikita ndi mchenga. Mubwerenso Lachisanu pa eyiti awazi m'mawa. Likapanda kusintha tikutumizani ku Chipata."

A Yotam anatsalira kuti awatsuke mabala, choncho Tabeth anabwerera ndi a Paskale awiriwiri. Dzuwa linali litakwera, ndipo njira yachidule yodutsa m'minda ya thonje yokololedwa kale inalibe mthunzi. Dzanja la nkhalambayo linali lolemera paphewa pake, lokhakhala chifukwa cha zaka zogwira masipanala.

"Ndamva anthu akukutama," anayamba a Paskale. "Akuti unapulumutsa diso la mnzako. Unachita bwino, mdzukulu wanga. Mwana uja akanakhala mumdima moyo wake wonse."

"Zikomo, ambuya."

"Koma pali chimene chikundizungulira m'mutu. Munthu ukakhala wosaona umaganiza zambiri. Miyendo ya atate ako ija, iwe unaiona liti?"

Yankho losavuta linali pafupi. Tabeth akanangoti anaiona Lamulungu lomwelo m'mawa, kapena ali pamzere pomwepo, ndipo nkhalambayo sikanatha ngakhale kumuyang'ana kumaso. Anayenda pang'ono yankholo lili pamlomo, koma linakana kutuluka.

"Lachinayi, ambuya."

A Paskale anaima. Dzanja lawo linachoka paphewa pake.

"Lachinayi," anabwereza. "Ndiye kuti pamene ndinkalowa m'madzi muja, iwe unkadziwa."

"Inde, ambuya. Ndinkafuna kubatizidwa. Ndinkati mungolowa n'kutuluka."

"Ndipo unadikira mpaka pafike mnzako."

Misozi ya Tabeth inkangotsika, ndipo manyazi amene anawamva anaposa onse amene anawamvapo pabenchi yakumbuyo ija. Akanakonda a Paskale akanamukalipira, kapena kumutukwana kumene. Koma iwo anangoima pakati pa njira, nkhope yomangidwa nsalu italoza kumene kunalibe kanthu.

"Chaka chonse takhala benchi imodzi," anatero pomaliza, motsitsa mawu. "Ndinkati tili awiri."

Kenako nkhalambayo inatambasula dzanja, n'kufufuza m'malere mpaka inapeza phewa lija.

"Tiye. Palibe wina woti anditsogolere."

Anayambanso kuyenda. Tabeth anapukuta maso ndi mkono kuti aone njira bwino, n'kumayang'ana pansi, chitsa chilichonse ndi mwala uliwonse.

"Ambuya, kutsogoloku kuli dzenje," anatero, dzenjelo likadali patali.